Courier, Courier New ndi Courier Prime: iti yogwira nayo ntchito, iti yongoisiya

Pali fonti ina yake yomwe pafupifupi aliyense amene anagwirapo kompyuta anaionapo olo asaidziwe dzina. Ija yooneka ngati yatuluka mu taipilaita yakale, zilembo zotayana, zowonda, zambiri zili ndi timapazi kunsi. Dzina lake Courier. Anthu ambiri akangoiona amati iii yonyasa bwanji, nkuthawira ku Calibri kaya Arial, ndipo sindikuwada ayi chifukwa yomwe amaiona pa Windows ija ndiyofookadi. Koma ineyo ndimailembera kwambiri zinthu zanga ndipo maganizo anga ndi oti anthu amaiweruza molakwa, amatenga mtundu wake woipitsitsa, nkuupatsa ntchito yomwe si yake, kenako nkumati fontiyo ndi yachabe.

Chinthuchi kuti muchimvetse muyambe mwaona kaye mmene taipilaita imagwirira ntchito. Mukamenya batani, kachitsulo kokhala ndi chilembo kamadumpha nkukamenya riboni ya inki papepala, kenako chonyamula pepala chija chimasuntha pang'ono kuti chilembo chotsatira chipeze malo. Nde makinawo sadziwa kuti mwamenya i kapena m, amangosuntha mtunda umodzimodzi nthawi zonse basi. Analipo ena odula ngati IBM Executive omwe ankatha kusiyanitsa, koma ambiri mmaofesi anali a sitepe imodzi. Ndiye kuti chilembo chilichonse, koma, fulusitopu, ngakhale mpata wapakati pa mawu, zonse zimatenga malo ofanana ndendende. Izi nzomwe amati monospaced. Mafonti omwe timawerenga mmabuku ndi pa foni sali choncho, i amatenga kamalo kochepa, m ndi w amatambasuka mmene akufunira.

Apa mpomwe pali luso la wojambula fontiyi, ndipo anthu saliona. Tangoganizani benchi yomwe aigawa malo ofanana, wonenepa ndi wowonda aliyense akhale pa gawo lake, wowondayo atambasule manja kuti pasaoneke mpata, wonenepayo adzipinde. Ndi zomwe zikuchitika mu Courier. Taonani i ndi l, anawapatsa phazi lalitali kunsi ndi kadenga kumanzere kuti adzaze bokosi lawo, r nayenso ali ndi phazi lotambalala kuposa mmene mumamuonera kwina kulikonse. Pomwe m miyendo yake itatu ija anaipanikiza mpaka timapazi take anachita kutidula, W wamkulu naye chimodzimodzi. Timapazi timeneti ndi tomwe amati serif, ndipo poti mu Courier ndi tophwatalala, tokhuthala mofanana ndi thupi la chilembo osati tosongoka ngati ta Times New Roman, fontiyi imagwera mgulu la slab serif. Koma kusiyana ndi ma slab ena ngati Rockwell omwe timapazito ndi tokongoletsa ndi kupereka mphamvu, kuno tili pa ntchito yeniyeni, popanda ito mawu akanakhala ndi mabowo paliponse pomwe pali i kapena l.

Chinanso, mzere wojambulira chilembo ndi wokhuthala mofanana paliponse, palibe poonda palibe ponenepa, ndipo mkati mwa a, e, o muli motakasuka. Sizinangochitika izi. Chilembo chachitsulo chikamamenya riboni tsiku lonse chimadzadza inki ndi fumbi mmaenje mwake, e amasanduka kadontho kakuda, nchifukwa chake otayipa ankakhala ndi kabulashi kotsukira. Onjezerani nkhani ya kaboni, pepala lachitatu pansi chilembo chimafika chitafufuma kale. Fonti ya timizere tosalala tating'ono sikanapirira zimenezo.

Anaijambula ndi Howard Kettler, ambiri ankamutchula Bud, cha mma 1955 akugwira ntchito ku IBM. Ndipo chomwe chinaipangitsa kufalikira si kukongola ayi, IBM sinaitsekere ndi malamulo kuti ikhale yawoyawo, nde makampani ena opanga mataipilaita anangoitengera, pasanapite nthawi kalata ya ofesi iliyonse inkaoneka chimodzimodzi. Mu 1961 IBM inatulutsa Selectric, ija yopanda timikono todumpha, mmalo mwake muli kampira kokhala ndi zilembo zonse kamene kamazungulira nkumayenda kokha pepala lili phee, ndipo Courier inali imodzi mwa timipira todziwika kwambiri. Makompyuta atabwera inalowanso mwaulere. Pulinta ya Apple LaserWriter ya 1985 inabwera ndi mabanja anayi okha mkati mwake, Times, Helvetica, Symbol ndi Courier, ndipo mpaka lero ili mgulu la mafonti 14 omwe PDF imawatenga ngati maziko. Amene anagwirako ntchito yosindikiza kale akukumbuka, ukatumiza ntchito ku pulinta ya PostScript, ya mtundu wa LaserWriter ija, fonti yako ikasowa mmakinamo, chotuluka chinali Courier, zilembo zitakwerana, kabuku konse kaonongeka. Ndikuganiza kuti chidani china chomwe anthu a design ali nacho pa fontiyi chinayambira pamenepo, kwa iwo kuona Courier kunkatanthauza kuti china chake chalakwika.

Tsopano Courier New, yomwe ambirife tili nayo. Inabwera ndi Windows 3.1 mu 1992, anaikonza ndi a Monotype, kampani yopanga mafonti. Ndinene mosabisa, pa mitundu yonse ya Courier iyi nde yomwe sindimaikonda. Ndiyowonda mopitirira. Zomwe zimanenedwa nzoti anaikopera kuchokera pa kampira ka Selectric komweko, pomwe zilembo za pakampirapo zinapangidwa zowonda dala podziwa kuti zikamenya riboni inki ifalikira chilembo nkunenepa papepala. Nde mukachotsapo riboni ndi kumenya kuja mumatsala ndi mafupa okhaokha. Pa masikirini akale sizinkaoneka kwenikweni poti mzere uliwonse unkangokhala kadontho kamodzi mulifupi basi, wakuda bwinobwino. Koma pa sikirini ya masiku ano yosalala ija, kapena mukapulinta pa laser, imatuluka yotuwa ngati inki ikutha. Muwerenge masamba angapo maso ayamba kulemera. Mukati muithawe poika bold, bold yake nayo inadumpha kwambiri, yonenepa zoti tsamba lonse simungalembe nayo, pakati palibe.

Ubwino wake ulipo, tisainamizire. Ili pa kompyuta ya Windows iliyonse ndi pa Mac, ndiye fayilo yanu ikatseguka kwina ioneka mmene munaisiyira. Ndipo ili ndi zilembo zambirimbiri, za Greek, Cyrillic, Hebrew, Arabic, timizere tojambulira mabokosi, zomwe mitundu ina ya Courier ilibe. Ngati mumasakaniza zilankhulo mu fayilo imodzi apo nde ikupulumutsani.

Koma chifukwa chenicheni chomwe Courier ikadalipo mpaka lero ndi masamu, ndipo apa ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pomwe pagona nkhani. Chilembo chilichonse cha Courier mulifupi mwake ndi 0.6 ya saizi yomwe mwasankha. Mukaika saizi 12, chilembo chimodzi chimatenga mapoyinti 7.2, ndipo inchi imodzi ili ndi mapoyinti 72, ndiye kuti zilembo 10 pa inchi, osati pafupifupi ayi, 10 ndendende. Mizere nayo ndi 6 pa inchi kutsika pansi. Uwu ndi muyezo womwewo wa taipilaita womwe ankautcha pica, unalinso wina wocheperapo wa zilembo 12 pa inchi wotchedwa elite. Tanthauzo lake ndi loti mukadziwa kukula kwa pepala ndi mipata ya mmbali, mukudziwiratu kuti mzere umodzi ulowa zilembo zingati musanalembe nkomwe. Ndi Times New Roman simungapange zimenezo, mzere wodzadza ma i ndi ma l umanyamula zambiri kuposa wodzadza ma m ndi ma w.

Amene anaugwiritsitsa muyezo umenewu ndi anthu a mafilimu. Sikiriputi ya filimu ku Hollywood mpaka lero imalembedwa mu Courier saizi 12, palibe zokambirana. Kumanzere amasiya inchi ndi theka chifukwa cha mabowo omangira mapepala, kumanja inchi imodzi, pa pepala la ku America la mainchi 8.5 mulifupi pamatsala mainchi 6, ndiye zilembo 60 pa mzere wofotokoza zochitika. Zoyankhula za anthu zimakhala pakati mu kadanga kopapatiza ka zilembo 35 kapena kuyandikira apo. Zonsezi zikaphatikizana pamatuluka lamulo lodziwika lija loti tsamba limodzi ndi pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini, masamba 120 ndi filimu ya maola awiri. Si lamulo lolondola tsamba ndi tsamba, tsamba la anthu okangana mothamanga limatha msanga pomwe mzere umodzi woti nkhondo yayamba utha kudya mphindi zisanu, koma pa sikiriputi yonse zimakhala zikuyandikira. Ndipo sizithera pa wolemba, okonza ndondomeko yojambulira amagawa tsamba lililonse mu magawo 8, nkumati lero tijambula masamba awiri ndi magawo atatu, kuchokera apo amawerengera masiku, anthu ndi ndalama. Nde tangoganizani wina wabwera ndi sikiriputi ya mu Garamond poti akuti ndi yokongola. Wasokoneza sikelo ya anthu onsewo, ndipo wowerenga amadziwira patsamba loyamba kuti uyu ndi mlendo pa ntchitoyi.

Ndiye poti anthu amenewa amakhala maso ali pa Courier tsiku lonse, mmodzi wa iwo anatopa nayo Courier New. John August, wolemba mafilimu, anapempha wojambula mafonti Alan Dague-Greene kuti akonze ina, ndipo mu 2013 inatuluka Courier Prime. Iyi nde yomwe ndikukuuzani kuti muike. Ndi yaulere, laisensi yake ndi SIL Open Font License kutanthauza kuti mutha kuigwiritsa ntchito olo pa malonda, ili pa Google Fonts, kudawuniloda ndi kuika ndi nkhani ya kamphindi.

Kusiyana kwake mumakuona pompo mukaziika pambali. Prime ndi yakuda bwino, yonenepa mmene chilembo cha taipilaita chimaonekera chikamenyedwa papepala, mulifupi mwake ndi momwemo zilembo 10 pa inchi pa saizi 12 ndiye muyezo uja sunasokonekere. Mukapulinta imatuluka yolimba, pa sikirini ya laputopu simuchita kutsinzina. Bold yake ndi yoyenerana ndi inzake, imaoneka kuti ndi bold koma siikuwa. Koma chomwe chinandigwira mtima ine ndi italic. Mataipilaita ambiri analibe italic, munthu ukafuna kutsindika mawu unkabwerera mmbuyo nkuwadula mzere kunsi, nde ma Courier a pa kompyuta ambiri italic yawo anangotenga zilembo zomwezo nkuzipendeketsa basi, moti pa Courier New mawu opendekeka mkati mwa ndime mutha kuwadutsa osawazindikira. Prime anajambula zilembo zatsopano, a wake ndi wina, f ali ndi kamchira, zimaoneka ngati zolemba pamanja pang'ono, ndipo diso limaima pomwe wolemba amafuna liime. Ena amati yakongola mopitirira mpaka siikuonekanso ya taipilaita, ine ndilibe nazo vuto.

Pomwe Prime imaperewera ndi pawiri. Zilankhulo ilibe zambiri ngati Courier New, yatsamira ku zilembo za Latin. Ndipo poti siibwera ndi kompyuta, mukatumiza fayilo ya Word kwa munthu yemwe sanaiike, kwake itseguka ndi fonti ina, masamba nkusuntha. Mankhwala ake ndi kutumiza PDF basi, fonti imapita nayo mkati. Amene amalembera mu Final Draft, pulogalamu yolembera masikiriputi, ali kale ndi yawo yotchedwa Courier Final Draft, nayonso ndi yakuda bwino kuposa New, sindingakuuzeni kuti muisiye ngati mwaizolowera.

Ine si wa mafilimu, chomwe ndimaikondera ndi kulemba zinthu zosamaliza, zija ukufuna uziwerengenso nkukonza. Fonti yokongola imanyenga, ndime yofooka ukaiika mu fonti ya buku imaoneka ngati yatha kale, umangoidutsa ukugwedeza mutu. Mu Courier palibe chobisala. Chilembo chilichonse chili pachokha pa malo ake, ukadumpha chimodzi kapena kubwereza chimaonekera, mipata iwiri pomwe pamafunika umodzi imachita kuyasamula, r ndi n oyandikana sangaoneke ngati m mmene zimakhalira mu Arial. Ukapulinta ndi mizere yotalikirana pamakhala malo olemba ndi cholembera pakati. Nchifukwa chake kwa zaka zambiri olemba nkhani ndi mabuku ankatumiza ntchito zawo kwa akonzi mu Courier 12 modumphitsa mizere, tsamba limodzi linkakhala mawu a Chingerezi pafupifupi 250, mkonzi ankangowerenga masamba nkudziwa kutalika kwa nkhani. Masiku ano Word imawerenga yokha mawu nde ambiri anasamukira ku Times New Roman, koma phindu la kuona zolakwa lija silinachoke.

Mwa njira, chizolowezi chomenya mipata iwiri pambuyo pa fulusitopu chomwe akuluakulu ena sachisiya chija, ambiri anachiphunzira pa taipilaita pomwepa. Poti zilembo nzotayana kale, mpata umodzi sunkaonetsa bwino kuti chiganizo chatha. Mu Courier ndimawamvetsa, mu Calibri chonde siyani kkkk.

Nanga pa code, zija amalemba opanga mapulogalamu a kompyuta? Apa nde ndikukanizani ndithu, olo kuti kwa zaka zambiri ndi momwe anthu ankalembera mapulogalamu, Visual Studio yeniyeniyo, pulogalamu ya Microsoft yolembera code, inkabwera ndi Courier New mpaka mtundu wa 2010 pomwe anasinthira ku Consolas. Monospaced pa code ndi yofunika, mizere iyenera kufola, koma Courier ili ndi matenda omwe inatengera kwa makolo ake. Taikani 1 ndi l pambali mu Courier New muone, kusiyana kwake nkochepa zedi. Ziro ndi O wamkulu nazonso, ziro alibe kadontho kapena kamzere mkati, amangocheperako mulifupi basi. Ndipo mbiri yake ndi yoseketsa, mataipilaita ambiri akale analibe nkomwe batani la 1, otayipa ankamenya l wamng'ono mmalo mwake, ndiye kufanana kwa ziwirizi nthawi imeneyo sikunali vuto kwa aliyense. Pa kalata palibe amene angasokonezeke, nkhani yake imakuuza kuti apa ndi nambala. Koma pa pasiwedi, pa nambala ya akaunti, pa dzina la chinthu mu code, kulakwitsa kamodzi kokha mwataya madzulo onse mukusaka. Ndimadabwa kuona makampani ena akutumizabe makhodi osakaniza zilembo ndi manambala mu fonti imeneyi.

Zosankha zabwino zilipo zambiri ndipo zina muli nazo kale. Consolas ya Lucas de Groot ili pa Windows, ziro wake ndi wodulidwa kamzere, ndipo ndi yopapatizako ndiye pa sikirini pamalowa zambiri. Pa Mac pali Menlo. Zaulere pali Source Code Pro ya Adobe ya 2012, JetBrains Mono ya 2020, ndipo ngati mukufunabe kafungo ka taipilaita ndi timapazi take yesani IBM Plex Mono ya 2017, kwa ine iyi nde mdzukulu weniweni wa Courier yemwe anapita kusukulu. A Courier Prime nawo anatulutsa Courier Prime Code, anachotsa timapazi tambiri, ziro nkumudula kamzere, ndi yabwinobwino koma pamenepo sikhalanso Courier yomwe tikukambayi.

Pa zowerenga zazitali zomalizidwa, lipoti, buku, CV, webusaiti yodzadza ndime, musayerekeze. Imadya malo koopsa, zomwe zimakwana masamba atatu mu Times New Roman zitha kufika anayi kapena kuposa, ana asukulu anazitulukira kalekale izi, aphunzitsi akati masamba asanu iwo amangosintha fonti kkkk, ndipo aphunzitsi nawo anazitulukira nchifukwa chake amatchuliratu fonti. Kupatula malo, mawu mu Courier sagwirana kukhala chinthu chimodzi, diso limayenda chilembo ndi chilembo mmalo molumpha liwu ndi liwu, chomwe chili chabwino posaka zolakwa chija chimasanduka chotopetsa ukangofuna kumva nkhani. Ndipo chonde musaipange justify, kuti mbali zonse ziwiri zifole, mipata imatanuka mpaka tsamba limaoneka long'ambika, komanso mwapha chinthu chokhacho chomwe fontiyi imadziwa, kuika chilembo pansi pa chinzake.

Olo boma la America linafika poitopa. Unduna wawo woona za ubale ndi mayiko ena, State Department, unkalemba zikalata zake mu Courier New 12 mpaka kumayambiriro kwa 2004 pomwe analamula kuti aliyense asinthire ku Times New Roman 14, ndipo chifukwa china chomwe anapereka nchoti Times ya saizi 14 imatenga malo pafupifupi omwewo ngati Courier New ya 12. Tangomvani pamenepo, fonti yokulirapo masaizi awiri athunthu, malo omwewo. Mu 2023 anasinthanso kupita ku Calibri.

Pomwe imawala popanda mpikisano ndi paliponse pomwe mukufuna manambala afole koma mulibe tebulo. Fayilo ya txt, imelo yopanda zokongoletsa, lipoti lotuluka mu sisitimu yakale, mndandanda wa katundu ndi mitengo yake, makodi a gitala pamwamba pa mawu a nyimbo. Mumangomenya mipata zinthu nkufola zokha, ndipo zikafola kwanu zafola kwa aliyense amene atsegule ndi fonti ya monospaced. Mukaona fayilo yoteroyo yabalalika, manambala ali uku ndi uku, musaikonze ndi manja, ingosankhani zonse nkuika Courier, zibwerera mmalo mwake.

A design nawo amaikonda pa zifukwa zina, akafuna chinthu chioneke ngati chikalata chachinsinsi, umboni wa kupolisi, kalata yakale, kapena kampani ikufuna kuoneka yosadzikometsa. Zimagwira, koma pang'ono pokha, mutu umodzi kapena timawu tapansi pa chithunzi. Mukaikulitsa kwambiri Courier New kuwonda kuja kumaonekeratu, nsonga zake zozungulira zimaoneka ngati waya wopindidwa, pa positala patali simungawerenge. Apa tengani Prime Bold. Ndipo ngati chomwe mukufuna ndi maonekedwe a taipilaita chabe osati muyezo wake, pali American Typewriter ya 1974 ya Joel Kaden ndi Tony Stan, ija ili pa chizindikiro cha I love New York cha Milton Glaser, imaoneka ya taipilaita koma si monospaced, zilembo zake zimatenga malo mosiyana ndiye imawerengeka mosalala. Zomwe sindigwirizana nazo ndi mafonti oonongeka dala aja, odontha inki, othothoka mmbali kuti azioneka akale. Taipilaita yeniyeni e aliyense amatuluka mosiyana malinga ndi mphamvu ya chala ndi kutha kwa riboni, pomwe mu fonti e aliyense ali ndi chilema chimodzimodzi pamalo amodzimodzi, mizere iwiri yokha bodza laonekera.

Opanga mawebusaiti dziwaninso kuti kulemba Courier New mu CSS, momwe mumaikamo maonekedwe a tsamba, sikutanthauza kuti aliyense aona yomweyo. Mafoni a Android alibe fontiyi, amaika ina mmalo mwake, ndipo pa Linux nthawi zambiri pamabwera Liberation Mono yomwe mulifupi ndi yofanana ndi Courier New koma nkhope yake ndi ina, timapazi tambiri ilibe. Ofanana nayo nkhope kumeneko ndi Nimbus Mono ndi FreeMono, koma FreeMono nayo ndi yowonda ngati New yomwe. Ngati maonekedwewo ndi ofunika kwa inu ikani Courier Prime pa webusaitipo kuti izitsika ndi tsamba, ndipo musaichepetse saizi poganiza kuti musunge malo, ikachepa imafa msanga kuposa mafonti ena.

Ndiye pondifunsa kuti ndiipatsa zingati, sindingapereke nambala imodzi. Courier Prime pa sikiriputi ndi pa zolemba zokonza ndi yapamwamba, palibe chomwe ndingachotsepo. Courier New ndi yongogwirizira pomwe palibe ina kapena pomwe mukufuna zilembo za zilankhulo zambiri. Pa code ndi pa zowerenga zazitali zonse ziwiri ndimazisiya. Kanthu kamodzi kokha kwa amene mukufuna kuyamba kulemba masikiriputi, muonetsetse pepala lomwe pulogalamu yanu yaika. Muyezo wa tsamba limodzi mphindi imodzi uja unakhazikika pa pepala la US Letter la mainchi 8.5 kwa 11, pomwe A4 ndi yopapatizako pang'ono komanso yotalikirapo, pafupifupi 8.3 kwa 11.7, ndiye pamalowa mizere yambiri patsamba ndipo sikiriputi yomweyo imatuluka ndi masamba ochepa. Fonti itha kukhala yolondola, saizi yolondola, koma ngati inu muli pa A4 ndipo wolandira akuwerengera pa Letter manambala anu sagwirizana, nde mufunse kaye kuti akufuna pepala liti musanapange PDF.